Mtedza wa pa Khoma la Giredi Wani

Ntchito yanga yoyamba ya uphunzitsi ndinaipeza ku Magodi, pasukulu ina ya mabuloko awiri. Ine ndine wa ku Chipata, ndinakulira m'komboni, kumene mtedza timagula pamsika m'timapepala ndipo sitifunsa kuti wachokera m'nyumba ya yani. Ndinatsika minibasi pa boma la Lundazi ndi sutikesi, mbaula ndi satifiketi yanga, kenaka njinga ziwiri za hayala zinandinyamula, ine pa ina, katundu pa ina. A hedi atandiona sanataye nthawi. Anangoti, "Mwafika bwino, madamu. Giledi Wani ni yanu."

Aphunzitsi anzanga anayang'anana n'kumaseka chamumtima. Chomwe ankaseka ndinachiona mawa lake. Ana oposa sevente, madesiki khumi ndi awiri, otsalawo pansi pa masaka. Mabuku a masamu analipo asanu, limodzi lopanda chikuto. Anawo kunyumba amalankhula Chitumbuka, ine ndikuwabwebwetera Chinyanja cha m'tauni, ndiye masabata oyamba tinkangoyang'anana ngati anthu okumana pachigayo.

Kukoleji anatiphunzitsa kuti mwana wamng'ono saphunzira ndi makutu okha, amaphunzira ndi manja. Anatinso makoma a kalasi azilankhula, kutanthauza kuti pazikhala zithunzi, zilembo ndi manambala. Chabwino. Koma mapepala aakulu olembapo matchati kunalibe, ndipo ndikawafunsa a hedi ankati, "Tiyembekeza ku boma." Choncho ndinachita zomwe aphunzitsi a kumudzi onse amachita. Zilembo tinkalemba pamchenga pansi pa mtengo wa mango. Tinkaumba a, e, i, o, u ndi dongo la pachulu n'kuyanika pawindo. Makatoni a sopo ndinkapempha kugolosale. Tinkaimba, tinkadumpha, tinkawomba m'manja powerenga masiku a sabata mpaka mawu kundithera.

Chimene chinandisautsa ndi zowerengera. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sungamuuze kuti zitatu kuphatikiza ziwiri ndi zisanu iye asanazigwire. Ndinayamba ndi zitsekerero za mabotolo, koma golosale inali imodzi, ndipo zitsekererozo azibambo a bawo ndi dirafuti anali atazitenga kale. Ndinayesa timiyala. Tsiku lachitatu mwana wina anatuluka magazi pachipumi, mnzake atamuponyera yankho lonse la samu. Ndinayesa timitengo, ana n'kumatokosolana nato m'makutu. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Tsiku lina mu Okutobala, kukutentha koti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, ndinamenya tebulo ndi dasitala n'kunena kuti, "Mailo aliyense abwele na nshawa teni. Amene sabweletsa azankhala kumbuyo, azaonelela chabe anzake."

Sindinafunse munthu aliyense. Kwathu mtedza umapezeka chaka chonse, bola uli ndi kobiri. Sizinandibwerere m'mutu n'komwe kuti kumudzi mwezi wa Okutobala mtedza wodya umakhala utatha kapena utagulitsidwa, ndipo umene watsala m'nyumba ndi wa ntchito ina.

Mawa lake theka la kalasi linabwera chimanjamanja, ndipo ndinawakhazikadi kumbuyo monga ndinanenera. Ena anabweretsa tinjere tofota tiwiri titatu. Koma panali kamtsikana kena, kakang'ono kuposa onse, kopanda mano akutsogolo, kamene kankavala juzi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Chiyambire chaka kanali kasananditsegulire pakamwa. Ukakafunsa dzina kankayang'ana zala za kumapazi. Tsiku limenelo kanabwera patebulo langa n'kutsegula chikhatho. Mayo ine! Mtedza wotere ndinali ndisanauonepo. Njere zikuluzikulu, zonenepa, zamawangamawanga, kufiira kwina kuyera kwina ngati wina anachita kuzipenta.

Ndinazikweza m'mwamba kuti onse aone. "Onani! Uyu ndiye mwana wa sukulu. Muombeleni m'manja!"

Kalasi yonse inawomba, ndipo kamtsikanako kanamwetulira, nkhama zonse poyera. Kunena zoona ndinasangalala. Ndinati mumtima, basi, mwanayu ndamupeza.

Mtedza unagwiradi ntchito, koma unali ndi vuto lake. Ukapatsa mwana njere khumi n'kumuuza kuti chotsapo zitatu, zitatuzo zimapita kukamwa. Masamu ochotsera ana anga anawadziwa msanga kuposa ophatikiza. Pofika nthawi yoweruka patebulo sipankatsala kanthu, ndiye tsiku lililonse pankafunika wina. Mtsikana uja ankabwera matumba a diresi ali tututu, n'kumagawira anzake okhala kumbuyo kuti nawonso abwere kutsogolo. Ndinamuika kukhala woyang'anira zowerengera. Anayamba kuyankha mafunso, anayamba kuimba mokweza, ngakhale kukalipira anyamata olanda njere za anzawo.

Kenaka kunabwera uthenga wakuti a insipekita ochokera ku boma adzayendera sukulu yathu kumapeto kwa Novembala, ndipo adzalowa m'makalasi a aphunzitsi atsopano. Ine ndinali ndisanatsimikizidwe pantchito, choncho ndinafuna kuti khoma langa lilankhule mpaka kugonthetsa munthu m'kutu. Ndinamuitana mtsikana uja n'kumuuza kuti, "Iwe mwana wanga, unibweletseleko nshawa zija zambili, zozala kapu." Anabweretsa. Ndinatumanso, anabweretsanso. Katatu konse.

Ndinatenga katoni yaikulu, n'kuiyala, n'kulemba manambala kuyambira wani mpaka teni. Pambali pa nambala iliyonse ndinamata njere zake, imodzi pa wani, ziwiri pa thu, mpaka khumi pa teni. Zomatira zinali phala la ufa woyera lomwe ndinaphika n'kulisiya kuti lizizire. Pamwamba ndinakuta ndi pulasitiki yoonekera n'kusokerera m'mbali, kuopa makoswe ndi zala za ana. Mtedza wotsala ndinapangira chowerengera cha mawaya. Kalipentala wa pafupi anandikhomera kafelemu ka matabwa, ine n'kumaotcha waya pambaula, kuboola njere imodziimodzi n'kumazitunga ngati mikanda. Zambiri zinkasweka poboola. Zosweka sindinataye ayi. Ndinazikazinga n'kumwera tiyi masana atatu otsatizana, ndipo zinali zokoma, zonona ngati muli batala.

Tchaticho chinakongola, ndisaname. Ndinachijambula n'kutumiza pagulu lathu la aphunzitsi la pafoni, anzanga a ku Chipata ndi ku Lusaka n'kumandiyamikira. Munthu mmodzi yekha sanayamikire. Anali mphunzitsi wa Giredi Folo, bambo wachikulire wa konkuno, amene ankabwera pa njinga yakale yomangirira khasu kumbuyo. Anaima pakhomo la kalasi yanga nthawi yaitali akuyang'ana khomalo.

"Madamu, nshawa izi mwezi uno mwazipeza kuti?"

"Ana abweletsa," ndinayankha monyada.

"Ana," iwo anatero. Anakanda kumutu n'kumapita. Ine ndinati ndi nsanje chabe, poti khoma lawo linali ndi mapu amodzi odyedwa ndi chiswe. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinalidya ndi tiyi.

A insipekita ankayembekezeka Lachiwiri. Lachinayi la sabata yam'mbuyo, tili pakati pa nyimbo ya manambala, ndinamva "Odi" pakhomo. Anali mayi wamng'ono thupi, mwana kumbuyo, m'manja atanyamula kathumba kopanda kanthu. Anagwada pakhonde n'kunena kuti, "Monire, a madamu." Nditatembenuka ndinaona mtsikana wanga uja walowa pansi pa desiki. Chitumbuka changa chinali chikadali cha moni ndi kugula tomato, choncho ndinatuma mwana kukaitana aphunzitsi a Giredi Folo aja kuti atimasulire.

Mayiyo sanakweze mawu. Anati dzulo lake anatsitsa kathumba ka mbewu kamene anakamangirira kudenga, kuti ayambe kusenda poti mitambo yayamba kusonkhana. Anakapeza kopepuka. Pansi pake panali kabowo, ndipo kuseri kwa khola la mbuzi anapeza mulu wa makoko. Mwana atafunsidwa anaulula kuti ankakwera pamtondo tsiku lililonse amake akapita kumadzi, chifukwa a madamu anati wopanda mtedza akhala kumbuyo.

Manyazi anandigwira, koma pakamwa panga sipachedwa. Ndinati, "Pepani amama, sin'nadziwe. Pa Chibelu, Loweluka lino, nizapita ku boma, nizakugulilani nshawa zambili kupambana izi."

Aphunzitsi aja anamasulira, mayiyo n'kupukusa mutu. Analankhula nthawi yaitali, maso ali pansi, ndipo womasulirayo anandiuza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa Giredi Wani. Kuno mkazi akakwatiwa amasamuka kupita kumudzi kwa mwamuna, ndipo amake amamumangira mbewu pakansalu kuti akayambire munda wake. Mtedza wamawangawo mayiyu anapatsidwa ndi amake tsiku lomwe ankachoka kwawo. Amakewo anamwalira. Kwawoko mbewuyo inatha chaka china cha chilala, ndipo pamsika siipezeka. Chaka chathachi mtedza sunabereke bwino, moti kathumba kameneko ndi kokhako kamene anapatula. Ana analira chiponde miyezi yonseyi iye osawapatsa.

"Madamu," anawonjezera aphunzitsiwo, ndipo awa anali mawu awoawo, "kuno njala ikavuta timadya gaga, timadya mango yophika. Mbeu sitigwila."

Mayiyo anapempha kulowa. Ana onse anamutsatira ndi maso. Anapita pa chowerengera cha mawaya chija, n'kuyendetsa chala panjere zobooledwazo, zikugundana. Anangoti, "Izi zafwa." Kenaka anaima patsogolo pa tchati, n'kukhudza pulasitiki pa nambala teni. Anafunsa ngati phala lomatira linali lotentha. Ndinati ayi, linali lozizira. Anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso. Anati zimenezo zikhoza kumera, ndimupatse.

Apa ndi pamene ndimadzida mpaka lero. Ndinayang'ana tchati changa, ndinaganiza za a insipekita, ndinaganiza za kalata yonditsimikiza pantchito, ndipo ndinati, "Amama, yembekezani chabe mpaka pa Chibili. Alendo akapita nizakupatsani zonse."

Aphunzitsi aja anazengereza kumasulira, koma mayiyo anali atamva kale. Anasuzumira kunja n'kuyang'ana kumwamba. Anati, "Yewo, a madamu," n'kupinda kathumba kake, n'kumapita. Womasulira uja potuluka anandiponyera mawu osandiyang'ana. "Mvula siyembekeza a insipekita."

Lachisanu mtsikana uja sanabwere kusukulu. Cha m'ma leveni kunada bii, mphepo inakokolola masamba a mango, kenaka mvula inagwa. Pa malata athu mvula ikamagwa suphunzitsa, ngakhale ukuwe bwanji. Ana anathamangira kumawindo akukuwa ndi chimwemwe, fungo la dothi lonyowa linadzaza kalasi, ine ndili chiimire pafupi ndi tchati changa chokongola. Inagwa mpaka madzulo, mvula yeniyeni yobzalira.

Loweruka m'mawa ndinatuluka ndi kapu ya tiyi n'kuima pakhomo la nyumba yanga. Njira yonse inali anthu. Makasu pamapewa, ng'ombe pagoli, azimayi atasenza mbale za mbewu, tiana tikutola inswa m'mbali mwa njira. Palibe amene ankayenda pang'onopang'ono. Kapu ya tiyi ndinaisiya pakhomo pomwepo. Ndinapita kukalasi, ndinazula misomali, ndinasenza katoni ija pamutu ngati chitseko, n'kuyamba kufunsa njira ya kwa mayi uja. Anthu ankandiseka m'minda. Wina anakuwa kuti, "A madamu, lelo sukulu yasamukila kumunda?" Apo n'kuti matope atandivula kale nsapato imodzi.

Ndinawapeza kumunda kwawo kuseri kwa dambo. Mizere ya mtedza inali itakonzedwa kale, yoposa makumi atatu, yosalala bwino, yopanda chobzalamo. Mayiyo ankabzala chimanga chakumtunda. Mtsikana uja atandiona anabisala kumbuyo kwa amake, maso ali otupa. Ndinatula katoniyo pansi, ndipo Chitumbuka chonse chomwe ndinali nacho chinathera pa moni. Ndinangoti, "Nabweletsa."

Mayiyo sanandithokoze, sanandikalipirenso. Anapukuta manja pachitenje, tinakhala pansi m'mphepete mwa munda, iye n'kudula ulusi wa pulasitiki ndi mano. Ine ndi changu changa ndinayamba kukanganula njere ndi zikhadabo. Yoyamba inasupuka khungu. Yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu mayiyo anandimenya padzanja, phaa, ngati mwana wogwira ndiwo za alendo. Anandionetsa ndi manja kuti njere ikasupuka khungu imaola m'nthaka. Anaviika chala m'chigubu cha madzi, n'kudonthezera paphala louma lija, n'kudikira kuti lifewe. Kenaka anaitana mwana wake, poti zala zake zinali zazing'ono.

Mtsikanayo anagwada pakatoni. Ankachotsa njere imodzi, n'kuiika pachitenje cha amake, n'kutchula nambala. Palibe anamuuza kuti awerenge, chinali chizolowezi cha m'kalasi basi. Anayamba monong'ona, koma pofika pa twente mawu anali atamasuka. Anadutsa sate, anadutsa fote osapunthwa, mwana amene mu Janyuwale sankatha kunena dzina lake. Anathera pa fifite-thu. Pa tchati panali njere fifite-faifi, zitatu n'zomwe ndinawononga ine.

Mayiyo anamuyang'ana mwanayo, kenaka ine. Analankhula Chinyanja chothyokathyoka kuti ndimve ndekha popanda womasulira. "Kuwelenga mwamuphunzitsa, a madamu. Manje awelenge mizele."

Tinabzala atatu. Iye ankaboola ndi chala, mwana ankaponya njere, ine ndinkakwirira. Zinakwana mzere umodzi ndi theka la wachiwiri. Titafika pomwe zinathera tonse tinaima n'kuyang'ana mizere yotsalayo. Ndinalira, ndipo sindinabise. Mayiyo anatola khasu lake n'kubwerera ku chimanga, poti dzuwa linali litakwera.

Lolemba ndinakhomanso katoni ija pakhoma. Pomwe panali mtedza ndinamatapo nthanga za bwemba zomwe ana anatola pansi pa mtengo wa kutchalitchi. Lachiwiri ndinavala suti yanga ya pa tsiku lomaliza koleji, ana anasesa bwalo, a hedi anaphetsa nkhuku. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. A insipekita sanabwere, galimoto yawo inalephera kuwoloka mtsinje. Anadzabwera teremu yotsatira, anayang'ana mafayilo anga ndi kaundula wa ana, anasaina, n'kumapita. Kukhoma sanayang'aneko n'kamodzi komwe.

Mtedza wa kumsika ndinagulabe n'kukapereka, ndipo anaubzala m'mizere yotsala ija mochedwa. Umenewo ndi umene anadya chaka chimenecho. Wamawanga uja unamera njere makumi anayi ndi imodzi, mtsikanayo ndiye anandiuza, poti ankapita kukawerenga m'mawa uliwonse asanabwere kusukulu. Amake anazika timitengo tomangirira mapulasitiki kuopseza akhwangwala. Pokolola unadzaza kabeseni kosambira m'manja, ndipo sanadyeko ngakhale njere imodzi. Chaka chachiwiri anabzala wonse, anakolola, osadyanso. Kathumbako tsopano ankakatsekera m'chitini chokhala ndi loko.

Kuyambira pamenepo lamulo la m'kalasi mwanga ndi limodzi, ndipo ndimalinena tsiku loyamba makolo ali pomwepo. Chobwera nacho kusukulu chikhale chotola pansi, osati chochokera m'nyumba. Nthanga za bwemba, zitsononkho za chimanga, makoko a nkhono, zimenezo. Ndiponso sindikhazikanso mwana kumbuyo chifukwa choti wabwera chimanjamanja. Aphunzitsi atsopano akabwera ndi nzeru zawo za kukoleji ndimawauza nkhaniyi asanatsegule sutikesi, ena amaseka, ena amamva.

Patapita zaka zitatu, mu Okutobala momwemo, mtsikana uja ali Giredi Folo, ndinamvanso "Odi" pakhomo la kalasi. Anali mayi uja. Ndinati mumtima, kodi ndalakwanso chiyani. Pofika nthawiyo Chitumbuka ndinali nditachidziwa, sitinafunenso womasulira. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chake n'kutulutsa kansalu komanga bwino. Anandigwira dzanja, n'kuika kansaluko pachikhatho, n'kupinda zala zanga ndi zake. Ndinamva njere zikuluzikulu zija m'katimo.

Ndinakana. Ndinati, "Amama, ine? Ine amene n'nafuna kukutayitsani?"

Iye anati, "Kuseli kwa nyumba yanu kuli malo, nawaona. Mbeu iyi amama anapatsa ine nekha, ndiye chifukwa chake inatsala pang'ono kutha. Manje tili awili. Ikazatha kwa ine, nizabwela kutenga kwa imwe." Atafika pakhonde anatembenuka n'kuwonjezera kuti, "Ni zobyala izo, a madamu. Osati zowelengela."

Ndinabzala mizere itatu kuseri kwa nyumba mvula yoyamba itagwa. Ndimabzalabe chaka chilichonse, ndipo kathumba kanga kali kudenga, pamwamba poti mwana sangafike ngakhale atakwera pamtondo.